Kodi amene mukucheza naye pa foniyo ndani?



Nthawi imene ndinkalowa kalabu ya achinyamata kwathu, ndisanakhale mlangizi, nkhani yomwe inkatidyera nthawi pa misonkhano inali ya zidyamakanda. Tinkazidziwa bwino. Wina anali ndi golosale pamsika, wina ankagula soya ndi mtedza, wina ankayendetsa lole yodutsa pa msewu wathu Lachisanu lililonse. Tinkadziwa nkhope zawo, akazi awo, ngakhale nambala za galimoto zawo. Mtsikana akaima ndi bambo wotere kuseri kwa chigayo, dzuwa lisanalowe nkhani inali itafika kale kwa makolo ake. Sindikunena kuti zinthu zinali bwino masiku amenewo, ayi, anzathu ambiri tinawaika m'manda. Koma munthu wofuna kutiononga tinkamuona ndi maso.

Lero munthu uja sakuvutikanso n'kuima kuseri kwa chigayo. Akulowa m'nyumba usiku, chitseko chili chotseka, agalu osauwa n'komwe, kudzera pa foni yomwe mwabisa m'bulangete. Dzina lomwe akukuuzani si lake. Chithunzi chomwe mukuchionacho sichake.

Mmene zinayambira kwathu

Ndikufotokozereni za mtsikana wina wa m'kalabu yathu. Dzina lake sinditchula ndipo zina ndasintha kuti asadziwike, koma mwiniwake anandilola kuti ndilembe. Anali ndi zaka 16, ali Fomu 3 pa sekondale yoyendera. Foni yakeyake analibe. Ankabwereka ya achimwene ake madzulo ikachoka kotchaja, n'kulowa pa Facebook kwa ola limodzi kapena awiri.

Tsiku lina anapeza friend request. Chithunzi chinali cha mnyamata wooneka bwino, wovala jekete, atatsamira galimoto yoyera. Analemba kuti kwawo ndi m'boma lathu lomweli koma akugwira ntchito ku Joni. Pansi pa dzina lake panaoneka kuti anthu 14 omwe ndi anzake a mtsikanayu ndi anzakenso a mnyamatayo. Mtsikana uja anati mumtima, "Ngati anzanga onsewa akumudziwa ndiye kuti ndi wakwathu." Anavomera.

Masabata awiri oyamba munthuyo sanalankhule choipa chilichonse. "Wadzuka bwanji?" "Sukulu ikuyenda?" "Limbikira, ndiwe wanzeru." Tinene zoona, mawu oterewa ena a ife kunyumba sitiwamva chaka chonse. Kenaka anamufunsa chifukwa chake amasowa masana. Atamva za foni yobwereka anati, "Usadandaule, ndikabwera pa Khirisimasi ndidzakubweretsera yako." Anayamba kutumiza mayunitsi. Tsiku lina anatumiza K5,000 pa Airtel Money, ati ya sopo ndi mafuta odzola. Pomwepo anawonjezera mawu omwe ndikufuna muwasunge m'mutu: "Koma usauze munthu, anthu akumudzi ndi ansanje."

Kuchoka apo anati asiye kuchezera pa Facebook, azichezera pa WhatsApp. Anapempha chithunzi atavala yunifolomu, mtsikana anatumiza. Anapempha china atavala za kutchalitchi, anatumizanso. Kenaka anati akufuna chithunzi "cha ine ndekha", asanavale. Mtsikana anakana kawiri. Munthu uja anangoti zii kwa masiku atatu, osayankha uthenga uliwonse. Tsiku lachinayi analemba kuti, "Ndaona kuti sundikhulupirira, pomwe ine ndakuchitira zambiri." Anamuuzanso kuti atumize mwa njira ija yoti chithunzi chimaoneka kamodzi kokha n'kufufutika. Mtsikana anatumiza. Sanaganize kuti munthu akhoza kukhala ndi foni yachiwiri n'kujambula zomwe zikuoneka pa foni yoyambayo.

M'mawa mwake mawu anasintha. Munthu amene ankati ali ku Joni mwadzidzidzi anali ku Lilongwe. "Ubwere Loweruka, ndikakudikira pa depoti, ya thiransipoti ndatumiza. Ukakana, chithunzi chija chipita pa gulu la sukulu yanu ndi kwa abusa."

Anabwera kwa ine Lachinayi madzulo ndikutsuka mbale. Anaima kanthawi, kenaka anati, "Anti, kodi munthu akhoza kupita ku Lilongwe n'kubwerako tsiku lomwelo?" Ndinamufunsa kuti, "Iwe ku Lilongweko uli ndi ndani?" Sanayankhe, anangoyamba kulira.

Usiku womwewo tinatenga chithunzi cha mnyamata wa jekete uja n'kuchifufuza ndi Google Lens, njira yomwe imakuonetsa malo ena pa intaneti pomwe chithunzi chomwecho chili. Tinachipeza pa maakaunti angapo, mayina osiyanasiyana. Amene ankalemba mauthengawo akhoza kukhala bambo wa zaka 50. Akhoza kukhala munthu wa pamsika pathu pomwepa, amene mtsikanayo amamugwadira popereka moni.

Akaunti yabodza sitenga nthawi kupanga

Ambiri mumaganiza kuti kunamiza anthu pa intaneti kumafuna munthu wodziwa makompyuta. Ayi ndithu. Pamafunika nambala ya foni kapena imelo, dzina lopeka, ndi chithunzi chakuba. Madzi a tiyi asanawire, akaunti yatha kupangidwa. Kampani ya Facebook inanena yokha kuti m'miyezi itatu, kuyambira Okotobala mpaka Disembala 2020, inatseka maakaunti abodza oposa 1.3 biliyoni. Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'Malawi muno tinalipo anthu opitirira pang'ono 17.5 miliyoni. Muwerengere nokha kusiyana kwake. Ambiri mwa maakauntiwa amagwidwa atangopangidwa kumene, n'zoona, koma ena amapulumuka, ndipo amodzi okha akwanira kusokoneza moyo wa munthu.

Tsopano tibwerere kwa anzake 14 aja, chifukwa msampha weniweni unali pamenepo. Tinafunsa amene tinatha kuwapeza. Panalibe ngakhale mmodzi amene anamuonapo mnyamatayo. Aliyense anati, "Ndinavomera chifukwa ndinaona kuti auje ndi auje ndi anzake." Mwaiona njira yake? Munthu amatumiza mapempho kwa ana ambiri a sukulu imodzi. Awiri kapena atatu amangovomera osaganiza. Wachinayi akaona mayina a atatuwo mtima umakhala pansi. Pofika wa khumi ndi chisanu, mlendo uja akuoneka ngati mwana wa m'mudzi momwemo. Choncho ukavomera munthu wosamudziwa, ngakhale usacheze naye, wamupatsa dzina lako kuti akagogodere pakhomo pa mnzako.

Palinso ena amene sapanga akaunti yatsopano koma amaba ya munthu amene mukumudziwa. Mumalandira uthenga wochokera pa nambala ya mnzanu kapena ya wina wa pa gulu la mpingo: "Ndakutumizira manambala 6 molakwitsa, tanditumizire." Manambala amenewo ndi kiyi wa WhatsApp yanu. Mukangowapereka, akaunti yapita, ndipo wakubayo ayamba kulembera abale anu m'dzina lanu. Uthenga uja wakuti "ndalama ija mutumize pa nambala iyi" tonse tinauzolowera ndipo timauseka. Uwu ndi mbale wake, kungoti wavala nkhope ya munthu amene mumamukhulupirira.

Musayang'ane nkhope, mverani zomwe akupempha

M'kalabu yathu anyamata anandifunsa kuti, "Nanga tidziwa bwanji kuti akauntiyi ndi yabodza?" Zizindikiro zina zilipo. Akaunti yongotsegulidwa kumene, zithunzi ziwiri kapena zitatu zokha zooneka ngati za m'magazini, palibe chithunzi ali ndi abale, pa ukwati kapena pa mpira, anzake pafupifupi onse ndi atsikana. Mukati muonane pa vidiyo, kamera yake nthawi zonse imakhala yoonongeka kapena netiweki ikuvuta. Zimenezi zikuthandizeni, koma musazidalire kwambiri. Masiku ano kuli mapulogalamu a kompyuta otha kupanga nkhope ya munthu amene sanabadwepo, kusintha mawu, ngakhale kusintha nkhope pa vidiyo. Chithunzi chotere Google Lens siichipeza kwina kulikonse. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo mkuyu wa masiku ano akuupaka utoto.

Chomwe munthuyu sangathe kubisa ndi chimene akufuna kwa inu, chifukwa tsiku lina ayenera kuchipempha basi. Taonaninso nkhani ya mtsikana uja. Munthu amene sanakuonenipo akuyamba kukutamandani ndi kukuuzani za chikondi pasanathe mwezi. Akukupatsani zinthu musanapemphe. Msodzi saponya nyambo m'madzi chifukwa chomvera nsomba chisoni. Mayunitsi aja ndi K5,000 ija inali ngongole yomwe mtsikana sanadziwe kuti akutenga, ndipo tsiku lolipira linafika ndi mawu akuti "ndakuchitira zambiri".

Koma chizindikiro chachikulu kuposa zonse ndi chinsinsi. Pa chikhalidwe chathu, mwamuna wofuna zabwino sabisala. Amafunsa njira ya kwa atsibweni, amatuma ankhoswe, amafuna kuti adziwike. Munthu akakuuzani kuti "usauze amayi ako, usauze anzako, fufuta mauthengawa ukawerenga", sakuteteza chikondi chanu. Akuchotsa mboni. Ndipo akakuchotsani pa tsamba lomwe anthu ambiri amaona n'kukutengerani kumene muli awiriwiri, n'chimodzimodzi ndi bambo uja amene ankati, "tiye tikalankhulire kuseri kwa chigayo."

Ife akumudzi tili ndi mwayi umodzi womwe anzathu a m'tauni alibe, ndipo sitiugwiritsa ntchito. Kuno munthu sasowa mbiri. Akati kwawo ndi m'boma lathu, mufunseni: mudzi wa mfumu yanji, mfunda wake ndani, anaphunzira pulayimale iti, amapemphera kuti. Kenaka funsani anthu a kumeneko. Pa tsiku la msika simungalephere kupeza munthu wochokera dera limenelo. Funso loti muzidzifunsa ndi ili: kodi alipo munthu amene ndimamudziwa pamaso, amenenso anamuonapo uyu pamaso? Ngati palibe, ameneyo ndi mlendo, ngakhale mutacheza naye usiku uliwonse kwa chaka chathunthu.

Anyamata, musaseke

Nditafotokoza zimenezi pa msonkhano, anyamata ena kumbuyo ankaseka, ati atsikana amakonda ndalama. Ndinawauza kuti msampha wawo ulipo, ndipo umagwira msanga kuposa wa atsikana. Akaunti ya mtsikana wokongola imakulemberani yokha. Pasanathe ola yayamba nkhani zogonana, yatumiza chithunzi chomwe ikuti ndi chake, n'kunena kuti, "Nawenso tumiza chako, nkhope ioneke." Mukangotumiza, mtsikana uja wasanduka gulu la amuna ofuna ndalama. Amakutumizirani mndandanda wa abale ndi anzanu omwe autenga pa akaunti yanu, n'kukupatsani maola ochepa kuti mulipire.

Imeneyi ndi bizinesi ya magulu a zigawenga. Mu Julayi 2024 kampani ya Meta, mwini wake wa Facebook, Instagram ndi WhatsApp, inalengeza kuti yatseka maakaunti a Instagram pafupifupi 63,000 a ku Nigeria omwe ankachita zoopseza anthu ndi zithunzi zamaliseche pofuna ndalama. Ambiri mwa omwe ankasakidwa anali amuna akuluakulu a ku America, koma ana analiponso. M'mayiko ena anyamata adzipha chifukwa cha manyazi a nkhani zoterezi, ena patangotha maola ochepa chiyambireni kuopsezedwa. Ife anyamata athu timawalera ndi mawu akuti mwamuna salira, ndiye akakodwa amafera m'kati. Mnyamata iwe, chithunzi si mlandu wofera. Lankhula.

Mlendo wina sabwera ndi chikondi koma ndi ntchito kapena thandizo la fizi. Mu 2024 BBC inaulutsa nkhani ya amayi a ku Malawi oposa 50 amene anathandizidwa kubwerera kumudzi kuchokera ku Oman, komwe ankagwiritsidwa ntchito za m'nyumba ngati akapolo, ena kumenyedwa ndi kugwiriridwa. Mmodzi mwa iwo anafotokoza kuti amene anamulonjeza ntchito anamupeza pa Facebook. Dziko lathu lili ndi lamulo loletsa kuzembetsa ndi kugulitsa anthu la 2015, koma lamulo silikwera nanu ndege. Munthu wosamudziwa akakulonjezani ntchito ku Joni, ku Dubai kapena ku Lilongwe komweku, n'kunena kuti pasipoti ndi thiransipoti alipira yekha bola musachedwe ndipo musauze anthu ambiri, imani kaye. Kafunseni ku ofesi ya zantchito kapena ya zachisamaliro cha anthu paboma panu.

Nanga za kachilombo zikubwera pati?

Wina afunsa kuti foni sipatsira HIV, ndiye bwanji tikukamba zimenezi m'kalabu? Taganizirani Loweruka lija mtsikana uja akanakwera basi. Wafika ku Lilongwe, tauni yomwe sakuidziwa. Ndalama yobwerera alibe. Kunyumba ananama kuti akupita kwa mnzake, ndiye palibe akudziwa komwe ali. Amene wabwera kudzamutenga si mnyamata wa jekete uja koma bambo wamkulu, ndipo m'thumba mwake muli chithunzi chija. Alowa m'chipinda chogona alendo. Kodi pamenepo mtsikanayu anganene kuti "sindikufuna"? Anganene kuti "valani kondomu" kapena "tiyeni tikayezetse kaye"? Zonse zomwe timaphunzira m'kalabu, kudziletsa, kukana, kukambirana za kondomu, zimafuna kuti munthu akhale ndi mphamvu yonena ayi n'kutuluka. Ntchito yonse ya mlendo uja, kuyambira pa "wadzuka bwanji" woyamba, inali yochotsa mphamvu imeneyo.

M'chigawo chathu chino cha Africa, atsikana a zaka 15 mpaka 24 amatenga kachilombo ka HIV mochuluka kuposa anyamata a msinkhu womwewo, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake ndi kugonana ndi amuna akuluakulu. Foni yangowafupikitsira njira amuna oterewa. Ndipo monga simungadziwe zaka za munthu poona chithunzi, simungadziwenso za magazi ake. Akakulemberani kuti "ndili bwinobwino, ndinayezetsa", amenewo ndi mawu chabe ochokera kwa munthu amene wanama kale dzina.

Pano ndisamveke molakwika. Ena mwa ife m'makalabumu tili ndi kachilombo, tikumwa ma ARV, tikuphunzira ndipo tili ndi tsogolo. Munthu amene akumwa mankhwala mokhulupirika mpaka tizilombo osaonekanso poyeza sapatsira mnzake pogonana. Amene ndikumudzudzula ndi wabodza ndi wokakamiza, kaya ali ndi kachilombo kaya alibe. Ndipo kwa inu amene muli pa mankhwala ndili ndi chenjezo lapadera. Mlendo wa pa foni amaoneka womvetsa, ndiye n'kosavuta kumuululira zomwe simunauzepo anzanu a m'kalasi. Chinsinsi chimenecho akhoza kukuopsezani nacho mofanana ndi chithunzi. Lamulo la za HIV ndi Edzi la 2018 limateteza chinsinsi chanu, koma ndi bwino kuchipereka kwa munthu amene mukumuona m'maso.

Ngati zinachitika kale, munapita kukakumana naye ndipo anakugwirirani kapena munagonana mosadziteteza, thamangirani kuchipatala. Kuli mankhwala otchedwa PEP omwe amathandiza kuti kachilombo kasakhazikike m'thupi. Ayenera kuyambidwa pasanathe maola 72, ndiye kuti masiku atatu, ndipo mukafulumira ndi pomwe amagwira bwino. Amamwedwa kwa masiku 28 osadumphitsa. M'zipatala za boma ndi aulere. Komweko mtsikana akhoza kulandira mapiritsi oteteza mimba pangozi ndiponso thandizo la matenda ena opatsirana pogonana. Musataye masiku atatuwo mukulimbana ndi manyazi kapena kudikira kuti akuluakulu akambirane. Yambani kuchipatala, zinazo zitsatira.

Ngati mwakodwa kale

Mwina wina akuwerenga nkhaniyi mtima ukugunda chifukwa chithunzi chake chili kale m'manja mwa munthu wotere. Mvera kuno m'bale wanga. Wolakwa ndi iye. Iwe unanamizidwa ndi munthu amene anakonzekera kukunamiza.

Usalipire ndipo usapite komwe akukuitana. Amene walipira kamodzi amauzidwa kuti alipirenso, chifukwa chithunzi sichibwezedwa ngati mbuzi ya chikole. Usafufute mauthenga ngakhale akukuchititsa manyazi, chifukwa ndiwo umboni. Jambula mauthengawo, lemba papepala nambala yake, dzina la akaunti ndi masiku. Sunganso mauthenga a Airtel Money kapena Mpamba. Kuyambira 2018 masimukhadi m'dziko muno amalembetsedwa ndi chitupa, choncho nambala yomwe inatumiza ndalama ikhoza kuthandiza apolisi pofufuza. Chithunzi chamalisechecho usachitumize kwa wina aliyense, ngakhale kwa mnzako wapamtima kapena kwa ine mlangizi. Ukasunga umboni, mutsekere kuti asakulemberenso ndipo uineneze akauntiyo pa tsamba lomwelo.

Kenaka uza munthu wamkulu amene umamukhulupirira: mlangizi wa kalabu, mayi wa mother group, mphunzitsi, azakhali, mlangizi wa zaumoyo. Ngati pakamwa pakulemera, imba 116. Ndi nambala yaulere yothandiza ana ndi achinyamata, ndipo amene akuyankhayo sakukudziwa. Kupolisi funsa ofesi ya Victim Support Unit. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kuzunza ndi kuopseza munthu pa intaneti, komanso kupanga, kusunga ndi kufalitsa zithunzi zolaula za ana. Ndipo chisinthireni malamulo aakulu a dziko lino mu 2017, aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Izi zikukhudzanso inu amene mumalandira zithunzi zotere pa magulu a WhatsApp n'kumapatsirana mukuseka. Kutumiza kamodzi kokhako ndi mlandu, ndipo mwathandiza chigawenga kumaliza ntchito yake.

Palinso thandizo lina pa intaneti lotchedwa Take It Down, lomwe bungwe la NCMEC la ku America linakhazikitsa mu 2023 pothandiza omwe anajambulidwa asanakwane zaka 18. Ndi laulere ndipo silifunsa dzina. Chithunzi sichichoka pa foni yako. Pulogalamuyo imangopanga chizindikiro cha chithunzicho, ngati chidindo cha chala, ndipo masamba monga Facebook, Instagram ndi TikTok amachigwiritsa ntchito pochizindikira ndi kuchichotsa wina akachiika. Dziwani kuti silingathe kuletsa zomwe anthu akutumizirana pa WhatsApp, choncho silikulowa m'malo mwa kuuza munthu ndi kupita kupolisi.

Kwa mtsikana wathu uja, chovuta kwambiri sichinali kupolisi. Chinali kuuza mayi ake. Ndinapita naye. Mayiwo atamva anadzuka n'kuthyola kamtengo, ndipo ndinawagwira dzanja n'kunena kuti, "Mayi, mwanayu akanatha kukwera basi mawa inu osadziwa. Wasankha kubwera kwa inu. Mukamumenya lero, mawa sadzabweranso." Anakhala pansi. M'mawa mwake tinakwera kabaza kupita kupolisi atatu. Wapolisi wamkazi analemba zonse, ndipo ataimba nambala ija, munthuyo anadula foni n'kuithimitsa. Patapita masiku awiri akaunti inasowa. Chithunzi chija sichinafike ku sukulu kapena kwa abusa. Sindikulonjezani kuti nthawi zonse zimatha chonchi, koma nthawi zambiri oopsezawa akaona kuti mwana sali yekha amakasaka wina wosavuta.

Nyuzi ino mukawerenge ndi makolo anu. Ana ambiri amabisa chifukwa akudziwa kuti akanena, choyamba ndi kulandidwa foni, chachiwiri ndi ndodo. Woopseza uja amadziwanso zimenezi ndipo amadalira zomwezo.

Foni yobwereka ndi foni ya kotchaja

Malangizo ambiri a za intaneti amalembedwa ngati aliyense ali ndi foni yakeyake ndi magetsi kunyumba. Kwathu kuno foni imodzi imadutsa m'manja asanu pa tsiku. Imagona kotchaja kwa ometa tsitsi, imapita kwa okonza, memore khadi imasiyidwa kwa oika nyimbo. Chilichonse chomwe chili m'menemo chikhoza kukoperedwa inu mutapita kukagula tomato. Zithunzi zina zomwe zimazungulira m'magulu sizinatumizidwe ndi eni ake n'komwe, zinatengedwa mwa njira imeneyi. Ikani nambala yachinsinsi pa foni, ithimitseni poisiya kotchaja, ndipo chotsani memore khadi poipereka kwa okonza. Mukabwereka foni ya wina, tulukani mu akaunti yanu musanabweze.

Pa WhatsApp lowani pa Settings, kenaka Privacy. Konzani kuti chithunzi chanu azichiona okhawo omwe munasunga nambala zawo, ndiponso kuti munthu wosamudziwa asamakulowetseni m'magulu. Pa Account yatsani two-step verification, kuti wakuba asatenge akaunti yanu ngakhale atapeza manambala 6 aja. Pa Facebook konzani kuti zomwe mwalemba ndi mndandanda wa anzanu zisamaoneke kwa aliyense. Ganiziraninso musanaike chithunzi chooneka baji ya sukulu kapena chikwangwani cha pamsika panu. Munthu uja anadziwa sukulu ya mtsikana wathu chifukwa cha yunifolomu. Azing'ono anu osakwana zaka 13 malamulo a Facebook ndi TikTok sawalola kukhala ndi akaunti, ndiye musawatsegulire ponama chaka chobadwa.

Ena mwa inu mwapitirira zaka 18 ndipo mudzafuna kukumana ndi munthu amene munadziwana naye pa foni. Sindingakuletseni, alipo amene anapezana choncho ndipo ali pabanja. Koma iye ndiye abwere kwanu, masana, pamalo pa anthu, inu muli ndi mnzanu kapena mbale, akunyumba akudziwa, ndipo m'thumba muli ndalama yanuyanu. Akakana zimenezi wakuyankhani kale. Amene simunakwane zaka 18, ulendo umenewo palibe.

Pa msonkhano ukubwerawu

Atsogoleri a makalabu, pemphani mamembala abwere ndi mafoni otchaja bwino, ndipo amene alibe akhale pafupi ndi amene ali nawo. Pasakhale kuwerenga mauthenga a mnzako. Aliyense atsegule yekha mndandanda wa anzake a pa Facebook n'kumadzifunsa pa dzina lililonse kuti, "Uyu ndinamuonapo ndi maso?" Amene simukumudziwa funsani gulu ngati alipo akumudziwa. Ngati palibe, muchotseni. Mukatha, yesani kasewero: mmodzi akhale mlendo wotumiza mayunitsi, wina akhale mtsikana kapena mnyamata, wachitatu akhale mnzake amene wauzidwa chinsinsi. Kambiranani kuti mnzakeyo achite chiyani akapemphedwa kuti asauze munthu. Lembani 116 pa bolodi ndipo mugwirizane za munthu wamkulu mmodzi wamkazi ndi mmodzi wamwamuna omwe membala angawapeze mwakachetechete.

Ife tinachita zimenezi patatha mwezi umodzi chichitikireni nkhani ija, pansi pa mtengo wa mango pa bwalo la sukulu. Mnyamata wina anali ndi anzake oposa 900, koma amene anawadziwa sanafike 100. Tinaseka mpaka misozi. Tili m'kati moseka, mtsikana wathu uja anandikodola n'kundilozera foni yomwe inali m'manja mwa kamtsikana ka Sitandade 8. Dzina linali lina, kwawo analemba boma loyandikana nalo. Jekete inali yomweyo, galimoto yoyera yomweyo. Anali atakatumizira kale mayunitsi kawiri.